Mayi Amene Sankawerenga Manja

Abusa, akulu a mpingo, bambo athu amene mwasiyidwa, ana ndi zidzukulu, abale ndi anansi, aphunzitsi ndi ophunzira a mayunivesite atatu, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatiperekeza, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Tithokoze Mulungu amene watidzutsa lero ndi kutifikitsa pano. Anatibwereka mayiwa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, tsopano watenga zake, ndipo ife tilibe pomuimbira mlandu.

Ndikuthokoza a banja pondipatsa mbiri iyi kuti ndiwerenge, chonsecho sindine wa magazi awo. Ndine mlembi wa bodi ya Senta ya Kafukufuku wa Madzi, kumene malemu anali mkulu. Ndakhala kudzanja lawo lamanzere pa tebulo la misonkhano zaka khumi ndi zinayi, ndipo Lamlungu tinkapemphera mpingo umodzi. Mbiriyi ikamveka ngati maminitsi a msonkhano, mundikhululukire. Chimwalirireni mayiwa Lolemba, misozi yanga sinatuluke. Mtima wachita dzanzi, ndipo dzanja likungolemba mmene linazolowerera.

Ndineneretu kuti kumapeto kwa mbiriyi kuli pepala limodzi limene malemu anandituma kuti ndidzawerenge pano. Likukhudza senta yathu. Lachinayi likudzali bodi ikumana, ndipo tsiku limenelo zidzadziwika ngati senta ikhalebe ya mayunivesite atatu monga inayambira, kapena isanduke ya yunivesite imodzi, enawo n'kumabwera ngati alendo. Choncho ndikupempha mamembala asanu ndi awiri a bodi kuti, ngakhale dzuwa lawawa, musanyamuke ndisanafike pamenepo.

Malemu, amene tonse tinkangowatchula kuti Mayi Pulofesa, anabadwa pa 9 Malichi 1961, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima. Bambo awo ankagwira ntchito yotembenuza njanji, ndipo mayi awo ankasoka zovala pakhonde ndi makina opalasa ndi miyendo. Anali mwana wachinayi mwa ana asanu ndi mmodzi. Alongo awo aakulu andiuza kuti pakhomo ankawatcha Sitima ya Katundu, chifukwa chilichonse ankachita pang'onopang'ono: kudya, kusamba, ngakhale kuyankha akafunsidwa. Anzawo akamaliza kudya n'kuthamangira kosewera, iwo amakhala akadali pakati pa mbale. Bambo awo ndiwo ankawaikira kumbuyo. Ankati sitima ya katundu imachedwa ndithu, koma siifika chimanjamanja.

Sukulu anayamba mu 1968, pa pulayimale imene inali kutsidya kwa njanji. Mu 1976 anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana yogonera komweko, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi ntchito ya moyo wawo wonse. Ali folomu 2, mphunzitsi wa sayansi anatenga dontho la madzi a m'thanki ya sukulu n'kuliika pa maikulosikopu, atsikana n'kumasuzumira mmodzimmodzi. Anzawo anakuwa, anaseka, kenako anaiwala. Malemu anakhala masiku awiri osamwa madzi mpaka anakomoka pa mzere wa m'mawa. Atatsitsimuka, mphunzitsi wamkulu anawapatsa kapu ya madzi owiritsa ndi chilango chosesa mu labotale teremu yonse. Iwo ankati chilango chokoma ngati chimenecho sanachilandirenso.

Mu 1980 analowa yunivesite, kumene anaphunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso. Atalandira digiri yoyamba mu 1984, analembedwa ntchito yothandiza mu labotale ya pa yunivesite pomwepo.

M'labotale momwemo ndi mmene anadziwana ndi bambo amene akhala apawa. Nthawi imeneyo bambowa ankaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina, ndipo ana a pasukulupo ankatsegula m'mimba kawirikawiri. Anabwera ndi madzi a pachitsime cha sukulu kuti ayezedwe, koma anawathira m'botolo la mafuta ophikira. Malemu anawabweza. Anabweranso ndi botolo lina, nalonso losatsuka bwino, ndipo anawabwezanso. Ulendo wachitatu anabwera ndi botolo loyera, atavala tayi. Bambo avomera dzana kuti botolo lachiwiri lija analidetsa dala. Anamanga ukwati woyera mu 1987, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, wamkazi mmodzi ndi aamuna awiri.

Mu 1989 malemu anapita kunja kukapitiriza maphunziro, n'kusiya bambo ndi mwana wa chaka chimodzi. Anabwerako mu 1993 ali ndi digiri ya udokotala. Ankakonda kunena kuti theka la digiriyo ndi la bambo, amene m'zaka zinayi zija anaphunzira kuluka tsitsi la mwana wamkazi mpaka amayi a m'nyumba zoyandikana ankabwera kudzaonera. Mu 2003 banjali linataya mwana wachiwiri ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Za mwana ameneyu malemu sankalankhula kuntchito. Chithunzi chake sichinali pamwamba pa desiki ayi, chinali m'kabati, pansi pa mafaelo, ndipo ine ndinachiona kamodzi kokha atandituma kukatenga chidindo.

Atabwerera kuno anaphunzitsa pa yunivesite yaikulu zaka khumi ndi zisanu, ndipo anakwezedwa kukhala pulofesa mu 2005. Ophunzira awo ali pano ambiri. Akukumbukira kuti mayiwa sankakalipa. Wophunzira akabweretsa zotsatira zokongola kwambiri, ankangovula magalasi n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi madziwo anakuuzani okha zimenezi, kapena munawathandiza?"

Mu 2008, kolera itasautsa anthu zaka zitatu zotsatizana, mayunivesite atatu anagwirizana zomanga senta imodzi yofufuza za madzi akumwa, popeza panalibe yunivesite imene ikanatha yokha. Yaikulu inali ndi makina ndi akatswiri. Yachiwiri inali ndi mainjiniya ndi magalimoto. Yaing'ono, imene ili kutali ndi kuno ulendo wa maola anayi pa basi, inalibe labotale ngakhale imodzi, koma inali pakati pa anthu omwa madzi a m'zitsime, ndipo ophunzira ake ankadziwa chitsime chilichonse ndi mwini wake. Malemu ankati amenewa ndi ana atatu a mimba imodzi, ndipo anawapatsa mayina amene tonse tinazolowera: Chisamba, Wapakati ndi Mzime. Ndigwiritsa ntchito mayina omwewo.

Malamulo a mgwirizano anakhazikitsa bodi ya mamembala asanu ndi awiri: anayi a ku Chisamba, awiri a kwa Wapakati, ndi mmodzi wa ku Mzime. Mkulu wa senta ndiye wotsogolera misonkhano, koma alibe voti. Pakakhala kusamvana, malamulo amati akweze manja, ochuluka apambane. Aliyense wodziwa kuwerenga zala akuona kuti anayi amaposa atatu, ndiye kuti Chisamba akanatha kupambana nkhani iliyonse enawo asanatsegule pakamwa. Malemu anasankhidwa kukhala mkulu woyamba, ndipo bodi inawawonjezera nthawi katatu. Iwo eni anali a ku Chisamba. Ambiri ankayembekeza kuti zinthu ziziyenda motero.

Senta anaiika m'nyumba imene siinali ya yunivesite iliyonse, nyumba yakale yosungiramo mapaipi, kuseri kwa depoti ya mabasi, moyandikana ndi bambo womata matayala. Mabenchi a mu labotale anakana kuwalemba mayina a mayunivesite. Wophunzira wa ku Mzime ndi pulofesa wa ku Chisamba ankadikira makina pa mzere umodzi, ndipo wobwera msanga ndiye ankayamba. M'chipinda cha misonkhano muli tebulo lalitali la mwendo umodzi waufupi, umene tinauchirikiza ndi buku lakale la manambala a foni. Pa tebulo limenelo malemu anatsogolera misonkhano zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezo sanawerengepo manja ngakhale kamodzi.

Kachitidwe kawo kanali kotere. Nkhani iliyonse ikabwera, woyamba kulankhula anali wa ku Mzime, kenako a kwa Wapakati, a ku Chisamba pomaliza. Ankati wamkulu akayamba kulankhula, wamng'ono amangotsala ndi mawu amodzi, akuti inde. Woimira Mzime kwa zaka zambiri ndi a Dokotala amene akhala kumapeto kwa mzere wachiwiriwo, munthu wofatsa, wosankha mawu ngati akusankha mbewu. Basi yawo ikachedwa, tinkawadikira. Tinkamwa tiyi, n'kumwanso wina. Akafika n'kulankhula, wina akatsutsa, malemu sankati tivote. Ankati tiyeni tikagone nayo nkhaniyi, ndipo pakati pa msonkhano uwo ndi wotsatira ankayenda okha ofesi ndi ofesi, mpaka kukwera basi ya maola anayi ija, kufunafuna pamene onse angaimepo.

Si onse amene ankakondwera nazo. Nkhani ya dzina la yani liziyamba pa zolemba za kafukufuku inatenga miyezi khumi ndi umodzi. Tsiku lina pulofesa wina wa ku Chisamba anamenya tebulo, buku la mafoni lija mpaka kusuntha, n'kunena kuti, "Mayi, tikalambira pompano!" Malemu anadikira kuti tebulo lisiye kugwedera. Kenako anati, "Mukalamba ndithu, a Pulofesa, kaya tivote kaya tisavote. Koma ndikufuna mukalambe muli ndi anzanu." Anaseka onse, ndi womenya tebulo yemwe. Nkhaniyo inatha mwezi wotsatira, ndipo zimene anagwirizana zikugwirabe ntchito.

Mwa njira yochedwayi senta inayeza madzi a m'zitsime zoposa zikwi ziwiri, inaphunzitsa ophunzira oposa makumi anayi a digiri zapamwamba, ndipo inapeza njira yosavuta yoyezera madzi pachitsime pomwepo popanda kuwanyamula. Ena mwa ophunzirawo lero akuphunzitsa ku Mzime, kumene kale kunalibe mphunzitsi wa phunziroli. Malemu ankakonda kutikumbutsa chiphunzitso cha Malemba chakuti thupi ndi limodzi ngakhale ziwalo n'zambiri, ndipo chiwalo chooneka chofooka ndicho chofunika kuchisamala. Ankachinena mu labotale ngati mmene ankachinenera ku tchalitchi, mosasintha mawu.

Pamaliro timakonda kunena zabwino zokhazokha, koma malemu anandilamula kuti cholakwa chawo ndisachibise. Kachitidwe konseka sikanalembedwe paliponse. M'malamulo munalibe mzere wonena kuti wamng'ono ayambe kulankhula, kapena kuti wochedwa adikiridwe. Munali manja basi. Ine ndinawapempha kangapo kuti tilembe. Ankandiseka. Ankati, "Amlembi, kodi kunyumba kwanu munalemba pakhoma kuti muzipatsana moni m'mawa?" Iwo ankaona ngati kulemba chinthu chotere n'kuuza anzako kuti sukuwakhulupirira. Ndinasiya kuwafunsa mu 2019.

Ku mpingo malemu anaphunzitsa Sande sukulu zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo anali m'komiti yoyendera odwala. Analinso a kwaya, ngakhale apa a kwaya mundilola ndinene zoona. Mphunzitsi wa kwaya anayamba wawaika kutsogolo, kenako pakati, kenako kumbuyo, ndipo pomaliza anawapatsa udindo wosunga mabuku a nyimbo. Iwo sanakhumudwe. Ankati Mulungu anawapatsa mtima woimba n'kupereka khosi kwa wina. Nyimbo zonse ankazidziwa pamtima, ndime zonse, ndi zija timazidumpha nthawi ikatha. Pa msonkhano wa bodi sankapempheretsa anthu, popeza si onse a chikhulupiriro chimodzi, koma ine ndinkaona kuti asanatsegule faelo ankatseka maso pang'ono. Ena ankayesa kuti atopa.

Matenda anayamba mu Januwale chaka chino. Anayamba kuonda ndi kusafuna chakudya, ndipo mu Malichi madokotala anapeza khansa ya m'matumbo. Anachitidwa opaleshoni mu Epulo. Anabwereranso kuntchito akuyenda ndi ndodo, natsogolera msonkhano wa mu Juni atatsamira pilo. Umenewo unali womaliza wawo. Kuyambira Julayi ntchito yawo anaigwira Wachiwiri wawo, a ku Chisamba, amene anaphunzira nawo kalasi imodzi kuyambira 1980. Ndikufuna anthu onse adziwe kuti pamene malemu anafunika magazi, Wachiwiri ndiwo anayamba kupinda malaya, ndipo anapereka kawiri.

Pa msonkhano wa mu Seputembala panabwera nkhani imene inakhala ikuzengerezedwa zaka ziwiri, yosamutsira senta m'nyumba yatsopano ya ku Chisamba. Zifukwa zake si zabodza. Denga lathu limadontha, ndipo nyengo ya mvula m'khonde mumakhala ndowa zisanu ndi imodzi. Magetsi amazima, ndipo chaka chatha jenereta itakana, tinataya zoyeza za miyezi inayi m'mafiriji. Nyumba yatsopanoyo ili ndi zonse. Koma ili mkati mwa mpanda wa Chisamba, pansi pa malamulo a Chisamba, ndipo a mayunivesite enawo azidzalowa ndi chiphaso cha alendo pa masiku amene apatsidwa. Ku Mzime kuli ophunzira khumi ndi asanu ndi anayi amene alibe labotale ina pa dziko lapansi kupatula mabenchi athu aja.

Tsiku limenelo basi ya a Dokotala a ku Mzime inaphulika tayala panjira. Anaimba foni kuti achedwa. Tinadikira ola limodzi. Ena anali ndi makalasi masana, ndipo Wachiwiri anati tiyambe. Analankhula a ku Chisamba, analankhula a kwa Wapakati, sanamvane, ndipo wina anati malamulo alipo, tikweze manja. Chitseko chinatseguka manja anayi ali m'mwamba. A Dokotala analowa fumbi lili m'nsapato, anafunsa kuti nkhani yake ndi iti, anauzidwa, ndipo anakweza dzanja lokana chikwama chikadali paphewa. Wachiwiri anati, "Amlembi, werengani." Ndinawerenga. Anayi ndi atatu. Aka kanali koyamba kulemba manambala otere m'maminitsi.

Malamulo amati chigamulo chimayamba kugwira ntchito maminitsi ake akavomerezedwa pa msonkhano wotsatira. Asanavomerezedwe, nkhani ikhoza kubwereranso pa tebulo. Msonkhano wotsatirawo ndi wa Lachinayi lino.

Nthawi imeneyi malemu anali atagonekedwanso m'chipatala. Ndinkapita kukawaona masana aliwonse pa ola la alendo. Ndinkawawerengera salimo, ndinkawapukuta milomo, ndinkawauza za womata matayala amene ankafunsa za iwo tsiku ndi tsiku. Za msonkhano sindinawauze. Sabata ziwiri ndinakhala chete, ndikudziuza kuti ndikuwasungira mtendere. Tsiku lina ndikupinda chopukutira, anati, "Amlembi, zaka zonsezi maminitsi mumandipatsa pasanathe masiku atatu. A Seputembala akudwala nawonso?"

Ndinali nawo m'chikwama. Ndinawaveka magalasi, popeza dzanja lina linali ndi dilipi, ndipo anawerenga pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, mzere ndi mzere. Atafika pa manambala aja anaima. Anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti, "A ku Mzime analankhula?" Ndinati ayi. Anati, "Wachiwiri sanaphwanye lamulo lililonse. Ndipo za denga akunena zoona." Kenako anati, "Wolakwa ndine. Munandiuza, mng'ono wanga. Ndinkayendetsa zinthu ngati munthu amene sadzadzuka pampando. Tengani cholembera."

Ananena mawu awo, ine ndikulemba, ndipo zinatitengera masiku atatu chifukwa ankatopa msanga. Titamaliza ndinawakumbutsa kuti kusintha malamulo kumafuna manja asanu, ndiye kuti awiri achokere ku Chisamba. Anamwetulira n'kunena kuti, "Taonani, nkhalamba yokana manja yayamba kupempha manja." Ndinawakumbutsanso kuti pepala lotere liyenera kubwera ndi membala wa bodi, ndipo mlembi alibe mawu pa msonkhano. Ndinawauzanso chimene ankachidziwa kale, kuti ine ndine wantchito wa ku Chisamba, anangondibwereketsa ku senta, ndipo amene anandibwereketsa akhoza kundiitanitsa. Anati, "Ndikudziwa. N'chifukwa chake ili si lamulo, ndi pempho. Mukawerenge pa maliro anga. Onse asanu ndi awiri adzakhalapo, palibe adzachedwe, ndipo kumaliro kulibe wapampando woti akuduleni mawu." Anaseka mpaka anatsokomola, namwino n'kubwera kudzatidzudzula tonse awiri.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sakanangowaitanira Wachiwiri n'kuwapatsa pepalalo m'manja. Anati munthu amene wakupatsa magazi sangakukanize kanthu uli pabedi, ndipo inde wotero si inde. Ankafuna kuti aliyense amve ali pakati pa anzake, kenako akaganize yekha kunyumba.

Sabata yomaliza sankalankhula kwambiri. Ankapempha nyimbo, ndipo a kwaya anabwera kawiri kudzaimba chapansipansi m'wodi. Milomo yawo inkatsatira ndime zonse. Abusa anawapatsa mgonero Loweruka. Anamwalira Lolemba pa 14 Okutobala 2024, nthawi ya 9 koloko m'mawa, bambo atawagwira dzanja lina, mwana wawo wamkazi dzanja lina. Ine ndinali ku ofesi. Nditalandira foni ndinalemba nthawiyo pa kalendala, ndinatseka mawindo a m'chipinda chawo, ndipo ndinapitiriza kutumiza makalata oitanira msonkhano wa Lachinayi, chifukwa ayenera kufika masiku khumi msonkhano usanachitike.

Sindikubisirani, pepalali ndakhala nalo masiku asanu ndikulitulutsa ndi kulibwezera m'chikwama. Ndili ndi ana a sukulu, ndipo sindine wolimba mtima. Dzulo ndinapita kwa bambo kukawafunsa ngati a banja angalole nkhani ya kuntchito pa tsiku ngati lino. Anati, "Werengani, mayi. Ine ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, sindinawapambanepo pa mkangano. Inu mukufuna muyambe lero?" Choncho ndiwerenga, ndipo mawu otsatirawa ndi a malemu.

"Kwa mamembala a bodi, anzanga okondedwa. Ndikupempha kuti mawu awa alowe m'malamulo a senta, maminitsi a Seputembala asanavomerezedwe. Choyamba: nkhani isafike pokweza manja yunivesite iliyonse isanalankhule, ndipo iziyamba yaing'ono. Woimira wake akachedwa, adikiridwe. Chachiwiri: nkhani yosamutsa senta, kuigawa kapena kuitseka ipambane pokhapokha pakati pa manja okwezedwawo pali dzanja la yunivesite iliyonse. Chachitatu: lamuloli lisatchedwe dzina langa. Anthu amalemekeza wakufa chaka chimodzi, kenako amatopa naye. Mukamvana nonse kuti musamuke, samukani ndi mtima woyera, denga lija ine ndikulidziwa. Izi ndinayenera kuzibweretsa ndili ndi mphamvu. Mundikhululukire."

Pathera pamenepo. Sindinawonjezere kanthu, sindinachotse kanthu. Anasaina okha ndi dzanja lamanzere. Pansi pa siginecha yawo pali mzere wa dzina la membala amene adzalibweretse pa tebulo Lachinayi, ndipo mzerewo ulibe dzina. Pepalali ndilisiya kunyumba kwa bambo, pa tebulo la pabalaza, mpaka Lachitatu madzulo. Amene alifune apite kukapepesa maliro ngati wina aliyense. Bambo alonjeza kuti sadzayang'ana amene walitenga. Lachinayi ine ndidzakhala pa mpando wanga, ngati ndidzakhale ndikadali nawo, ndipo ndidzalemba zimene zidzachitike, kaya zikhale zotani.

Malemu asiya amuna awo. Ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Mkamwini mmodzi ndi mpongozi mmodzi. Zidzukulu zinayi, zazikazi zitatu ndi chachimuna chimodzi, chimene chabadwa mu Ogasiti ndipo anachinyamula kamodzi. Alongo awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi. Asiyanso mayi awo owabereka, a zaka makumi asanu ndi anayi ndi chimodzi, amene madokotala sanalole kuti tiwanyamule ulendo uno. Anauzidwa Lachiwiri. Akuti anangofunsa ngati mwana wawo anavekedwa zovala zosita bwino.

Ambuye amene amamva mawu a wamng'ono ngati a wamkulu akhale nanu bambo, m'nyumba imene yakula mwadzidzidzi. Akhale nanu ana ndi zidzukulu, ndipo awagwire dzanja agogo amene atsala kuyembekezera. Akupatseni nzeru ndi tulo tabwino inu asanu ndi awiri. Ife tonse atibweze kwathu bwino, ndipo amene misozi yathu yachedwa atipatse pa nthawi yake.

Ntchito yawo yatha, faelo yawo yatsekedwa. Mayi Pulofesa apumule mu mtendere wa Mbuye wawo, kufikira tsiku lija tidzaitanidwe tonse. Amen.